Kukacheza ku maid cafe mumzinda wa Tokyo: zoyenera kudziwa musanakhale pampando

Mukatsika sitima pa siteshoni ya Akihabara mumzinda wa Tokyo n'kutulukira khomo lolembedwa kuti Electric Town, simuyenda mtunda wautali musanakumane ndi atsikana ovala madiresi akuda kapena a pinki, maepuloni oyera ndi kansalu koyera kumutu, atanyamula timapepala toitanira anthu. Atsikanawa amagwira ntchito m'malo odyera amene anthu a ku Japan amawatcha meido kafe kapena meido kissa, ndipo pa zikwangwani zolembera alendo amalembedwa kuti maid cafe. Mlendo amene akuona zimenezi koyamba maganizo ake amathamangira kumodzi mwa mbali ziwiri. Wina amaganiza kuti ndi malo a zachiwerewere obisika pansi pa dzina la khofi, pamene wina amakhumudwa poona mtsikana atavala ngati wantchito wa m'nyumba n'kumatcha kasitomala aliyense kuti bwana. Maganizo onse awiriwa amamulepheretsa munthu kuona chimene chikuchitika. Maid cafe yeniyeni ndi sewero la ola limodzi lokhala ndi malamulo okhwima, atsikanawo ndi ochita zisudzo amene ali pa ntchito yolipidwa, ndipo inu amene mwalowa mwapatsidwa mbali yanu m'sewerolo. Mukamvetsa zimenezi musanakwere ndege, zina zonse zimene ndikulongosolereni pano zidzakhala zosavuta.

Malo oyamba okhazikika a mtunduwu, Cure Maid Café, anatsegulidwa ku Akihabara mu Marichi 2001. Dera limeneli linayamba kutchuka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene amalonda ankagulitsamo zipangizo za mawailesi, kenaka linadzaza ndi masitolo a katundu wamagetsi, ndipo pambuyo pake linasanduka likulu la anthu okonda makatuni, mabuku a nthano zojambula ndi masewera a pakompyuta, amene kumeneko amatchedwa otaku. Mtsikana wovala epuloni, amene ku Japan amati meido, anachokera m'masewera ndi m'makatuni amenewo, ndipo chovala chake chinatengedwa ku antchito a m'nyumba za anthu olemera a ku Ulaya a zaka za m'ma 1800. Sichikuimira wantchito weniweni wa m'nyumba za ku Japan. Malo otchedwa @home cafe anatsegulidwa mu 2004, Maidreamin inatsatira mu 2008, ndipo mu 2005 liwu lakuti moe, limene limanena za chikondi chofatsa chimene munthu amamva akaona chinthu chosiririka ndi chosalakwa, linali pakati pa mawu khumi otchuka a chakacho ku Japan.

Zokonzekera musananyamuke

Za ulendo weniweniwo sindichedwapo. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza, ndipo ofesi ya kazembe wa Japan ili ku Lilongwe. Mukafika, lamulo la dzikolo limafuna kuti mlendo aziyenda ndi pasipoti yake nthawi zonse, choncho musaisiye ku hotela. Gulani khadi ya Suica kapena Pasmo yolipirira sitima, ndipo mukafuna kupita ku Akihabara kwerani njanji ya Yamanote, ya Keihin-Tohoku, ya Sobu kapena ya pansi pa nthaka yotchedwa Hibiya, chifukwa zonsezi zimaima pomwepo. Tenganinso ndalama zogwira m'manja. Malo akuluakulu amalandira makhadi a banki, koma ang'onoang'ono ena salandira, ndipo makina otapira ndalama a m'masitolo a 7-Eleven ndi a ku positi amavomera makhadi akunja.

Tsiku labwino ndi la pakati pa sabata, masana dzuwa litapendeka pang'ono, anthu a nkhomaliro atachoka. Loweruka ndi Lamlungu mizere imatalika pa malo otchuka, ngakhale kuti Lamlungu lili ndi ubwino wake, pakuti masana msewu waukulu wa Chuo-dori umatsekedwa kwa magalimoto n'kusiyidwira anthu oyenda pansi, nyengo ikakhala bwino.

Kusankha malo

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa mlendo amene anabwerako ali wokhumudwa kawirikawiri anasankha molakwika asanalowe n'komwe. Malo onse okhala ndi atsikana ovala maepuloni si ofanana.

Mtundu woyamba ndi wa malo abata, ndipo Cure Maid Café ndiye chitsanzo chake. Kumeneko ameido amavala madiresi aatali, amalankhula motsitsa mawu, amakuthirirani tiyi mwaulemu n'kukusiyani kuti mumwe mwamtendere. Kulibe kuvina. Munthu wachikulire, munthu wamanyazi kapena amene akungofuna kuona chiyambi cha mwambowu ayenera kuyambira kumeneko. Mtundu wachiwiri ndi wa malo a phokoso ndi zisudzo, monga @home cafe ndi Maidreamin, kumene kuli kasiteji, nyimbo, magule, nyali zamitundumitundu ndi miyambo yodalitsira chakudya. Amenewa ndi amene alendo ambiri amawaona pa intaneti, anazolowera kulandira anthu akunja, ali ndi mindandanda ya zakudya ya m'Chingerezi, ndipo mitengo yawo inalembedwa poyera. Mumapezamo amayi ambiri, anthu apabanja, magulu a anzawo ochokera ku ofesi, nthawi zina ngakhale makolo ndi ana awo. Kwa munthu wopita koyamba, ine ndimalangiza amodzi mwa malo odziwikawa, ngakhale ena amawanyoza kuti anasanduka a alendo okhaokha, chifukwa kumeneko mudzadziwa mtengo musanakhale pansi ndipo padzapezeka wina wokulongosolerani malamulo m'chinenero chimene mukumva.

Mtundu wachitatu ndi umene muyenera kuusamala. M'zaka zaposachedwapa kwachuluka malo otchedwa konkafe, amene atsikana ake amavalanso zovala za m'makatuni, ena maepuloni omwewo, koma kayendetsedwe kake n'kofanana ndi ka bala. Mumalipira malinga ndi mphindi zimene mwakhala, mumapemphedwa kugulira wantchito chakumwa, ndipo botolo la vinyo wothwanima likatsegulidwa mtengo umakwera kwambiri. Si onse amene ali oipa, koma ena mwa iwo apolisi anawagwirapo pa mlandu wochita malonda opanda chiphaso choyenera, ndipo si malo amene mlendo wosadziwa chinenero ayenera kuphunzirirapo. Lamulo losavuta ndi ili: sankhani malo muli ku hotela, werengani mitengo pa tsamba lawo la pa intaneti, ndipo pitani molunjika. Wina akakuimitsani pamsewu n'kumakukokerani ku nyumba imene dzina lake simukulidziwa, kanani mwaulemu n'kupitirira, ngakhale atakulonjezani mtengo wotsika chotani. Kungogwedeza dzanja n'kunena kuti "daijobu desu", kutanthauza kuti zili bwino, musavutike, n'kokwanira.

Amayi amene angakonde kutumikiridwa ndi anyamata ovala masuti a antchito a m'nyumba zachifumu angapite ku Swallowtail ku Ikebukuro, dera lina la mumzinda wa Tokyo, malo amene anatsegulidwa mu 2006, koma kumeneko muyenera kusungitsa malo pasadakhale. Ngati ulendo wanu sukudutsa ku Tokyo, ma maid cafe aliponso ku Nipponbashi mumzinda wa Osaka ndi ku Osu mumzinda wa Nagoya.

Kulowa ndi kumva mtengo

Malowa nthawi zambiri sakhala pansi poonekera. Amakhala m'mwamba mwa nyumba zopapatiza zosanjikizana, ndipo mumakwera pa chikepe chaching'ono cholowa anthu ochepa. Kumbukirani kuti ku Japan chipinda chapansi penipeni ndi chimene chimalembedwa 1F, choncho 4F ili nsanjika zitatu kuchokera pamsewu, osati zinayi. Yang'anani chikwangwani cha pakhomo la nyumbayo chimene chimaonetsa malonda a nsanjika iliyonse, kuti musalowe kwa eni ena a dzina lofanana.

Chitseko chikatseguka mudzamva moni wofuula. Kwa mwamuna amati "Okaerinasaimase, goshujin-sama", kwa mkazi amati "Okaerinasaimase, ojo-sama", ndipo tanthauzo lake ndi lakuti takulandirani, mwabwerako kunyumba kwanu, bwana kapena mwana wamkazi wa bwana. Sewero layambira pamenepo. Iwo akuchita ngati ino ndi nyumba yanu ndipo mwangobwera kuchokera ku ulendo. Musadzimve kukula ndi ulemu umenewu, komanso musachite nawo manyazi, chifukwa aliyense wolowa pakhomopo amaulandira mofanana. Weramitsani mutu pang'ono, onetsani ndi zala kuchuluka kwa anthu amene muli nawo, ndipo dikirani akuperekezeni pa tebulo.

Musanaitanitse kanthu, meido adzakulongosolerani malamulo ndi mtengo, kawirikawiri ndi khadi lolembedwa. Mvetserani bwino pamenepa, ndipo ngati simunamve funsaninso, pakuti palibe amene adzakuonani wopusa. Mtengo uli ndi zigawo zingapo. Pali ndalama yolowera, imene munthu aliyense amalipira payekha ndipo m'malo odziwika kawirikawiri sifika 1,000 yen. Pali lamulo lakuti aliyense aitanitse chinthu chimodzi, kotero kuti anthu atatu sangagawane kapu imodzi ya khofi. Pali malire a nthawi, amene nthawi zambiri ndi mphindi 60, ndipo m'malo ena mukapitirira mumalipiranso ndalama yolowera n'kuitanitsanso china. Pamwamba pa zonsezi pali msonkho wa 10 peresenti wa chakudya chodyera pomwepo, choncho funsani ngati mitengo yolembedwayo ikuphatikiza kale msonkhowo. Zithunzi, masewera ndi nyimbo zopempha zili ndi mtengo wake wapadera. Munthu mmodzi akakonzekera pakati pa 2,000 ndi 4,000 yen savutika m'malo odziwika, malinga ngati sakuonjezera zambiri. Njira yosavuta kwa mlendo ndiyo kusankha phukusi limodzi lophatikiza chakumwa, chakudya ndi chithunzi, chifukwa mumadziwiratu chimene mudzalipire.

Akhoza kukufunsani dzina limene azikuitanani nalo. Apa olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene anthu a ku Ulaya alibe. Chijapanizi chili ndi mavawelo asanu ofanana ndi athu, mawu ake ambiri amathera ndi vawelo ngati athu, ndipo sichisiyanitsa l ndi r. Mayina athu ambiri amawatchula bwino, ndipo ifenso mawu awo timawatchula mosavuta tikangowawerenga mmene alembedwera. Ngati dzina lanu lili ndi mawu ngati ng' kapena mph amene angawavute, apatseni lachidule.

Chakudya ndi mwambo wake

Chakudya chodziwika kwambiri ndi omurice, mpunga wokazinga ndi tomato sosi ndi tizidutswa ta nyama, wokutidwa ndi dzira lokazinga. Meido amabwera ndi botolo la tomato sosi n'kukufunsani chimene ajambule pamwamba pa dziralo, kaya mphaka, kalulu, mtima kapena dzina lanu, ndipo amajambula inu mukuona. Palinso mpunga wa msuzi wa curry, makeke, ayisikilimu wokongoletsedwa ngati nkhope ya chimbalangondo, ndi khofi wojambulidwa pamwamba ndi chokoleti. Kunena zoona, chakudyachi ndi chapakatikati ndipo mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi malo odyera wamba a m'dera lomwelo. Chimene mukulipira ndi sewero, ndipo amene ali ndi njala yeniyeni achita bwino kudya kaye kwina. Amene simudya nkhumba funsani musanaitanitse, chifukwa imapezeka m'zakudya zambiri za ku Japan, ngakhale m'msuzi umene sukuonetsa nyama. Liwu lake ndi butaniku, ndipo mukalilemba pa foni n'kuwaonetsa adzakuthandizani. Mowa umagulitsidwa m'malo ena, koma kwa okhawo amene afika zaka 20.

Chakudya chikafika pa tebulo simuyamba kudya nthawi yomweyo. Meido adzakuuzani kuti mupange chithunzi cha mtima ndi zala za manja anu awiri, muutembenuzire kumanzere ndi kumanja, ndipo munene naye limodzi mawu akuti "oishiku nare, moe moe kyun", amene akupempha chakudyacho kuti chikome. Awa si matsenga ndipo palibe amene amawakhulupirira ngati pemphero, ndi mbali chabe ya sewero ngati nyimbo ya ana pamasewera a pabwalo. Ndikudziwa kuti bambo wamkulu amene anazolowera kupatsidwa ulemu amavutika kupanga mtima ndi zala pamaso pa anthu, koma ndikukulimbikitsani kuti muchite nawo ndi mtima wonse. Mlendo amene amakhala atapinda manja, nkhope itauma, amam'patsa ntchito yolemetsa mtsikana amene ayenera kupitiriza kumwetulira yekha, ndipo iye mwini amataya chimene walipira. Chipinda chonse chikuchita zomwezo, ndipo palibe amene akukuyang'anani. Ku Maidreamin mungauzidwe kuti mukafuna kuitana meido munene kuti "nyan nyan", kulira kwa mphaka m'Chijapanizi, ndipo angakuvekeni makutu a kalulu kapena a mphaka kumutu. Nyimbo ikayamba pa siteji, ombani nawo m'manja.

Malire amene simuyenera kudumpha

Malamulo a khalidwe ndi ofanana pafupifupi kulikonse, ndipo wowaphwanya amatulutsidwa. Simuloledwa kukhudza meido, kaya pa dzanja, paphewa, tsitsi kapena chovala chake. Kwathu kupatsana moni wa m'manja ndi ulemu, ndipo munthu angatambasule dzanja mosaganiza, koma kumeneko musatero, kuweramitsa mutu n'kokwanira. Simuloledwa kum'funsa dzina lake lenileni, zaka zake, kumene amakhala, sukulu imene amaphunzira, nambala ya foni kapena nthawi imene amaweruka. Dzina limene lili pa chifuwa chake ndi la pa sewero, ndipo mukam'funsa kwawo angakuyankheni kuti anachokera ku dziko la maloto kapena kuti zaka zake sizisintha. Landirani yankho limenelo ndipo musaumirire. Simuloledwa kum'pempha kuti mukakumane kunja, kum'dikirira pakhomo akaweruka, kapena kum'tsatira.

Malamulowa ali ndi chifukwa chomveka. Ambiri mwa atsikanawa ndi achichepere, ena ndi ophunzira amene akugwira ntchito ya maola ochepa, ndipo ntchito yawo imawaika pamaso pa anthu ambiri osawadziwa. Dzina la pa sewero ndi lamulo loletsa kukhudza ndi zimene zimawateteza kwa anthu amene amasokoneza kumwetulira kwa pantchito ndi chikondi chenicheni. Mwamuna amene akuona kuti meido akum'sekerera mwapadera akumbukire kuti adzasekereranso chimodzimodzi munthu wa pa tebulo lotsatira, ndipo limenelo ndilo luso la ntchito yake. Liwu lakuti bwana limene akukuitanani nalo silikukupatsani mphamvu yom'lamula, yom'kuwira kapena yom'kodola ndi chala. Mukafuna thandizo nenani kuti "sumimasen" n'kukweza dzanja pang'ono.

Nkhani ya zithunzi ndi imene alendo amalakwitsa kwambiri. Musajambule meido ndi foni yanu, kaya mkati kapena amene akugawa timapepala pamsewu, ndipo musajambule makasitomala anzanu, chifukwa ena safuna kuti abwana awo kapena abale awo adziwe kuti amabwera kumeneko. Chakudya chanu ndi nkhope yanu mukhoza kujambula m'malo ambiri, koma yambani mwafunsa kuti "shashin ii desu ka". Njira yovomerezeka yopezera chithunzi ndi meido ndiyo kugula cheki, kachithunzi kotuluka pompopompo m'kamera ya Instax ya kampani ya Fujifilm. Mumasankha meido amene mukufuna pa bolodi la zithunzi za amene ali pa ntchito, nthawi ikakwana amakuitanani ndi dzina kuti mupite kutsogolo, amakuonetsani kaimidwe, mwina ka mtima kapena ka zikhadabo za mphaka, ndipo ngakhale pamenepo simukhudzana. Kenaka amakalembapo ndi zolembera zamitundu tsiku, dzina lanu ndi tizithunzi tina, n'kukubweretserani pa tebulo. Pa zonse zimene zimagulitsidwa m'malowa, ichi ndi chimene ine ndimaona kuti chimayenera ndalama yake, chifukwa palibe china chofanana nacho. Musanachiike pa Facebook funsani ngati malowo amalola.

Masewera, ngati mwalipira, amakhala a mphindi zochepa, monga janken, masewera a mwala, lumo ndi pepala, kapena tizidole ta pa tebulo. Za fodya, funsani ngati pali chipinda chake, ndipo musasute pamsewu mukatuluka, pakuti boma la Chiyoda, kumene kuli Akihabara, linaletsa kusuta m'misewu kuyambira 2002 ndipo wogwidwa amalipira chindapusa.

Kulipira ndi kutuluka

Yang'anani wotchi nokha, ngakhale kuti m'malo ambiri meido amabwera kudzakukumbutsani nthawi ikatsala pang'ono kutha. Akakufunsani ngati mukufuna kuonjezera nthawi ndipo simukufuna, nenani kuti "okaikei onegaishimasu", kutanthauza kuti ndikupempha kulipira. Werengani risiti mzere ndi mzere musanatulutse ndalama, ndipo ikani ndalamazo m'kambale kamene kali pa kauntala m'malo mozipereka m'manja. Musasiye ndalama yoonjezera yothokozera, chifukwa ku Japan mwambo umenewo kulibe, ndipo wantchito angakuthamangireni kudzakubwezerani poganiza kuti mwaiwala chenji. Ngati mwalowa malo olakwika ndipo akukuuzani mtengo wosiyana kwambiri ndi umene munagwirizana, musakangane kapena kukweza mawu. Pemphani risiti yolembedwa bwino ndipo nenani kuti mupite limodzi ku koban, kapolisi kakang'ono ka m'dera, kapena imbani 110.

Ku @home cafe amakupatsani khadi lokhala ndi dzina lanu, limene limakwera udindo malinga ndi maulendo amene mwabwera, choncho lisungeni ngati mukuganiza zobwereranso. Potuluka nenani kuti "gochisosama deshita", mawu othokoza chifukwa cha chakudya, ndipo ameido adzakuperekezani mpaka pa chikepe ndi mawu akuti "itterasshaimase", amene munthu wa m'nyumba amauza wachibale wotuluka amene akuyembekezeka kubwerako. Yankho lake ndi "ittekimasu", ndapita, ndibweranso. Cheki ija iikeni pakati pa masamba a pasipoti kapena a buku kuti isapindike, koma yambani mwaona kuti inki ya zolembazo yauma.